Mphunzitsi Amene Ankadana ndi Inde Wanga

Mwana wanga wamkazi anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, m'zaka zija za makuponi a feteleza, ine ndikuphunzitsa sitandade 2 pa sukulu ina kufupi ndi Kasungu Boma. Anali malungo. Thupi linatentha Lachiwiri m'mawa. Ndinamupatsa panado, ndinamusiya kwa mnansi, n'kupita kuntchito chifukwa inali sabata ya mayeso. Kuchipatala tinapita Lachitatu masana, ndipo Lachisanu tinali kumanda.

Pamaliropo mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Mudzifufuze, mwana wanga. Mulungu salanga popanda chifukwa." Ine ndinawathokoza. Ndinaleredwa choncho: munthu wamkulu akalankhula umavomera, ngakhale akhale kuti wakuponda chala. Koma mawu awo anandilowa n'kukhazikika. Mwamuna wanga ankalira kwake ine kwanga, m'nyumba imodzi, ndipo sindikanatha kumufunsa funso limene linkandidya. Ndinkafuna kudziwa ngati Mulungu anatenga mwana uja pofuna kulanga ine.

Abusa athu anali munthu wachifundo. Anandipempherera, nati njira za Mulungu n'zobisika. Ndinavomera, koma ndinatuluka ndi ludzu lomwe ndinalowa nalo. Sindinkafuna kutonthozedwa, ndinkafuna chigamulo. Mphunzitsi mnzanga wina ndiye anandiuza tsiku lina kuti malemba akale a m'Baibulo eni ake ndi Ayuda, ndipo iwo ali ndi mabuku ena amene amasanthula mawu aliwonse mpaka kufupa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunafuna munthu woti andiphunzitse mabuku amenewo. Kufuna chinthu chotero ku Kasungu, pakati pa minda ya fodya, anthu amakuyang'ana kawiri.

Woyamba amene anandilozera anali mlaliki wina wa pa Boma, wovala nsalu ya mphonje pamapewa ndi lipenga la nyanga m'manja. Anandiwuzira lipengalo m'khutu mpaka mutu unandiwawa. Chihebri chake chinali mawu atatu, ndipo atatuwo ankawabwereza ngati wogulitsa mandasi. Sindinabwererekonso. Wa kabaza wina amene ankandinyamula kawirikawiri, bambo wochokera chakumpoto kwa boma lathu, atamva ndikudandaula anati, "Madamu, kwathu ku Simlemba kuli mdala wina anabwera ku Joni ndi thiranki ya mabuku otsegulira kumbuyo. Anthu amati ndi a Chiyuda. Koma ndi wovuta, amathamangitsa anthu."

Ndinapita Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Minibasi inanditsitsa pa siteji ya pa M1, kenako kabaza m'msewu wa fumbi. M'madambo anthu anali kuthirira nazale za fodya. Poti ndinali nditanyamula kope ndi cholembera, paliponse pamene ndinaima kufunsa njira anthu ankandizungulira, kuganiza kuti ndabwera kudzalemba mayina a makuponi. Mayi wina anandiuza mayina a ana ake onse ndisanatsegule pakamwa.

Mdalayo ndinamupeza akuchokera kudambo, keni yothirira ili m'manja. Anali wamtali, wowonda, maso atatuwa pang'ono. Ndinagwada, ndinapereka nkhuku imene ndinagula panjira, ndinafotokoza kuti ndikufuna kuphunzira. Za mwana sindinanene. Akazi awo, mayi wamfupi amene ankalankhula Chitumbuka kwambiri ngakhale Chichewa ankachimva bwino, anandipatsa chindongwa, thobwa lija la kumpoto, n'kukhala poteropo.

"Ndiyambe ndakuuzani chimene sindili," anatero mdalayo. "Ine si Myuda, si m'busa, si mneneri. Ndinali wosesa. Ndinasesa nyumba yopemphereramo Ayuda ku Joni zaka zambiri. Kuseri kwake kunali chipinda cha mabuku, ndipo m'mawa uliwonse akuluakulu ankakhala awiriawiri, buku pakati, n'kumakangana. Masiku oyamba ndinkaona ngati amenyana. Mmodzi wa iwo, mkulu amene maso ake anali akufa, mnzake wowerenga naye anamwalira. Anandiitana kuti ndizimuwerengera mbali ya Chingerezi. Ndi mmene ndinalowera. Chihebri ndimangogwira apa ndi apo. Atamwalira, ana ake anandipatsa ena mwa mabuku ake."

Ndinati, "Zikomo, bambo. Chilichonse chimene mundiphunzitse ndilandira."

"Apo ndiye mwayamba molakwa," anatero. "Mabuku awa sawerenga munthu mmodzi, ndipo salandira ngati phala. Pamakhala awiri, wina anena, wina atsutse. Ine sindikusowa mwana wasukulu, aphunzitsi. Ndikusowa mnzanga wokangana naye. Dzukani pansipo mukhale pampando."

Pansi pa mtengo wa mango panali tebulo laling'ono ndi mipando iwiri yofanana msinkhu. Kukhala pampando maso ndi maso ndi munthu wa msinkhu wa bambo anga, akazi awo ali pamphasa, kunandivuta kuposa ulendo wonse. Ndinakhala chakumapeto kwa mpando, miyendo itapinda, maso pansi.

Tinagwirizana Loweruka lililonse. Bukulo linkatsegukadi kuchokera kumene ife timati kumbuyo. Pakati pa tsamba panali mawu ochepa, ndipo mozungulira panali zolemba zina zing'onozing'ono za aphunzitsi akale, anthu amene sanaonanepo, ena atasiyana mibadwo yambiri, koma akuyankhana patsamba limodzi. Ine ndinkawerenga Chingerezi mokweza popeza maso awo anali ofooka, kenako tinkachitembenuza m'Chichewa, ndiye iwo n'kufunsa, "Mukuti bwanji?"

Funso limenelo linkandivuta. Ndikukumbuka tsiku limene tinawerenga za munthu wotola chinthu cha mwini panjira. Mphunzitsi wina wakale ankati chikakhala chopanda chizindikiro wotola akhoza kusunga. Mdala anafotokoza maganizo amenewo bwinobwino, ine n'kuti, "Inde, bambo, n'zomveka." Kenako anafotokoza za wina amene ankaona mosiyana, ine n'kuti, "Zoonadi, bambo."

"Mwavomera onse awiri, pomwe iwo sakuvomerezana," anatero. "Inu mukanakhala nkhoswe, ukwati uliwonse ukanatha mwaulemu."

Akazi awo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, koma sabata yotsatira ndinachita chimodzimodzi. Sikuti ndinalibe maganizo. M'minibasi pobwerera ndinkakangana nawo mdalayo mumtima kuyambira pa siteji mpaka pa Boma, ndipo nthawi zambiri ndinkapambana. Koma ndikakhala pampando uja, imvi zawo zikuoneka, pakamwa panga pankatuluka inde yekhayekha. Ndinkaona ngati kutsutsa munthu wotero ndi kudzitemberera. Komanso, ndinene zoona, ndinkaopa kuti ndikawakwiyitsa andithamangitsa ndisanafike patsamba limene ndinadzera.

Mvula inagwa. Mdala ndi akazi awo anawokera fodya, anathira feteleza wa kuponi imodzi imene banja lawo linagawana ndi banja lina, ndipo misewu inasanduka matope. Masabata ena ndinkalephera kufika. Tikakumana tinkakhala pakhonde, amayi aja akusoka fodya pambali, masamba obiriwira atawunjikana pamiyendo pawo. Ndinaphunzira zilembo za Chihebri, ndinaphunzira kutsata mkangano ndi chala kuchoka pakati pa tsamba kupita m'mphepete. Mdala ankandiyamikira kuti ndili ndi mutu, koma ankati mutuwo ndimausiya pa siteji.

Loweruka lina chakumayambiriro kwa Malichi anatulutsa buku lina limene tinali tisanaligwirepo. Silinavute kutsegula, linangogwera lokha patsamba lina lakuda ndi zala. Anandilozera pamene ndiyambire. Ndinawerenga mokweza, ndipo ndili pakati pa chiganizo ndinazindikira chimene ndinkawerenga. Mphunzitsi wina wakale ankanena kuti ana aang'ono amafa chifukwa cha zolakwa za makolo awo, makamaka makolo osasunga malonjezo. Ndinamaliza chiganizocho. 

"Mukuti bwanji?" anafunsa, mawu awo ali otsika.

Kwa miyezi isanu ndinali ndikufuna tsamba limeneli. Tsopano linali patsogolo panga, lolembedwa ndi eni ake a malemba, ndipo munthu wamkulu ankandiyang'ana. Ndinati, "Ndi zoona, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye. Nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene wafika padepoti n'kupeza feteleza watha. Anatseka buku pang'onopang'ono.

"Musavutikenso kubwera, aphunzitsi," anatero. "Ulendo wake ndi wautali, ndipo inde ndili naye wambiri konkuno."

Ndinagwada, ndinatsanzika, ndinapita. Amayi aja anandiperekeza mpaka pamsewu, kenako anangoti, "Yewo, mwana wane," n'kubwerera.

Masabata otsatirawo ndinadwala, ngakhale kuchipatala sakanapeza kanthu. Chimene chinkandisautsa sikunali kuthamangitsidwa ayi. Chinali chakuti ndi pakamwa panga ndinavomera kuti mwana wanga anali ndodo yondikwapulira ine, ndipo ndinavomera chifukwa cha ulemu. Kamtsikana kaja kamene kankaimba posamba, kankadana ndi therere, kankandikonza ndikalakwitsa nyimbo, ine ndinakasandutsa chilango pofuna kuti mdala asandione wamwano. Ndinachita manyazi, kenako manyaziwo anasanduka mkwiyo, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire.

Teremu isanathe, komiti ya pasukulu pathu inalamula kuti ana amene makolo awo sanabwere kudzatuta mchenga wa chitukuko abwezedwe kunyumba. Ndinapatsidwa mayina. Ndinaima pakhomo la kalasi, pepala lili m'manja, ana atandandalika kudikira kulowa. Sindinathe kuitana dzina ngakhale limodzi. Ndinawalowetsa onse, ndipo ahedi atandifunsa ndinawayankha kuti mchenga satuta ndi ana a sitandade 2. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuyankha wondiposa, ndipo denga silinagwe.

Tchuthi chitayamba ndinakwera minibasi Lachinayi, tsiku limene silinali lathu. Ndinawapeza awiriwo m'chigafa akusankha fodya. Anali atakhala pansi moyang'anizana, mulu wa masamba ouma pakati pawo, aliyense akutambasula tsamba, kuliyang'ana powala, n'kuliika pagulu lake. Fungo lake linkakanda pakhosi. Ndinaodira, koma sindinagwade. Mawondo ankafuna okha kupinda, ndinawakaniza.

"Bambo, mphunzitsi uja wa m'buku lanu ananama," ndinatero. "Ndipo inenso ndinanama pomuvomera."

Mdala anaika tsamba pansi. "Umboni," anatero.

Ndinawauza za mwana, za Lachiwiri lija, za panado ndi mayeso, za mayi wa pamaliro. Ndinaganiza kuti andipepesa. Sanatero. Anangogwedeza mutu n'kuti, "Pepani ndidzanena pambuyo pake. Panopa mwabwera ndi mlandu. Umboni wanu ndi wotani?"

Ndinati ine, munthu wochimwa, sindingabweze mwana kusukulu chifukwa bambo ake sanatute mchenga, nanga Mulungu angakhale woipa mtima kuposa ine? Iwo anati ine ndine mphunzitsi wa kalasi imodzi, Mulungu ndi mwini wa ana onse, ndipo mwini amachita ndi zake zimene wantchito sangachite. Ndinati m'wodi muja munali ana a amayi opemphera ndi ana a akuba pabedi limodzi, udzudzu sunafunse mbiri ya kholo lililonse. Iwo anati bedi la nazale likadwala mbande zake zimadwala, ngakhale mbandezo sizinalakwe kanthu. Ndinati imeneyo ndi nthenda, si chiweruzo, ndipo mlimi amene angazule mbande zabwino kuti alange bedi anthu angamumange kuti wapenga. Iwo anati nanga tsiku limodzi lija limene ndinachedwa, ndilitaya kuti?

Pamenepo ndinakweza mawu, ine amene ana asukulu ankati ndimalankhula ngati ndikupempha mchere. Ndinati tsiku limenelo ndi langa, ndilisenza mpaka kumanda, sindikulikana. Ndinachedwa chifukwa ndinaganiza molakwa, monga amaganizira molakwa amayi ambiri amene ana awo amachira. Koma kuchedwa kwanga ndi kwina, ndipo kunena kuti Mulungu anakhala pansi n'kusankha mwana wanga kuti andiphunzitse phunziro ndi kwina. Choyambacho ndichivomera, chachiwiricho ayi, ngakhale chilembedwe m'chinenero cha angelo.

Mdala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma akazi awo, amene nthawi yonseyi manja awo anali asanasiye kusankha fodya, anawadula. Analankhula m'Chichewa kuti ine ndimve.

"Auzeni, adada. Mwabisa mokwanira."

Mdala anasisita tsamba limodzi pabondo mpaka linang'ambika. Kenako anandiuza. Pochoka kupita ku Joni analonjeza akazi awo kuti akakhala zaka ziwiri zokha. Anakhala zoposa makumi awiri, akubwera mwa apo ndi apo. Chaka china chikuku chinalowa m'mudzi n'kutenga ana awo awiri mwezi umodzi. Kalata inawapeza maliro onse atapita kale. Patapita miyezi ingapo, akuwerengera mkulu wosaona uja, anafika patsamba lomwelo la makolo osasunga malonjezo.

"Anandifunsa monga ndinakufunsirani inu," anatero. "Ankayembekezera kuti nditsutsa, ndiyo inali ntchito yanga patebulo paja. Sankadziwa za ana anga, sindinamuuze. Ine ndinali wosesa, iye bwana wa imvi. Ndinati inde. Anadabwa, koma anali wotopa tsiku limenelo, tinapitirira. Sitinabwererenso patsambalo mpaka anamwalira. Chibwerereni kuno, aliyense wofuna kuphunzira ndimamufikitsa pamenepo. Abwera akulu a mpingo, abwera aphunzitsi anzanu. Onse amati inde, chifukwa zalembedwa ndipo wanena ndi mdala."

Ndinafunsa ngati patsambalo palibe wina wotsutsa. Anati alipo, m'mphepete momwemo, ndipo anamuwerenga kambirimbiri. "Koma wa m'buku sangandiyang'ane m'maso," anatero. "Ndikawerenga ndekha, ndimakhala woweruza ndine, woimbidwa mlandu ndine. Ndimapambana nthawi zonse, ndipo ndikapambana ndiye kuti ndaluza."

Apo ndinakhala pansi, pakati pa milu ya fodya. Mkwiyo unali utaphwa, ndipo ndinkaona munthu wokalamba amene miyezi yonseyi ndinkamupatsa ulemu m'malo mwa chinthu chokhacho chimene anandipempha. Ndinamva chisoni chachikulu, cha iwo ndi cha ine ndemwe. Iwo anawongola msana n'kunena kuti mlandu sunathe, chifukwa sindinayankhe chinthu chimodzi: ngati mphunzitsi uja analakwa, n'chifukwa chiyani munthu wanzeru chotero, woopa Mulungu, analemba zimenezo?

Ndinaganiza nthawi yaitali, ndipo sanandifulumizitse. Kenako ndinati, "Bambo, ine ndikuganiza kuti munthu ameneyo anaikapo mwana. Sindikudziwa, koma ndikumumva. Mwana akafa popanda chifukwa, kholo limaopa kwambiri, chifukwa ndiye kuti otsalawo sungawateteze. Bola ukhale wolakwa, poti wolakwa akhoza kulapa, akhoza kusintha, ali ndi chochita. Mphunzitsi uja sankafotokoza mtima wa Mulungu, ankafotokoza mtima wa kholo. Anasankha kukhala wolakwa kusiyana ndi kukhala wopanda mphamvu. Inenso ndinasankha zomwezo, n'chifukwa chake ndinayenda ulendo wonsewu kufuna wondiweruza. Inunso mwasankha zomwezo zaka zonsezi. Lonjezo munaswa, limenelo mupepese kwa amayi awa, ali moyo. Koma ana anu anatengedwa ndi chikuku."

Ndinadikira yankho. Ndinkadziwa kuti mayankho anali nawo, munthu uja sankasowa chonena patebulo. 

"Bwerezani," anatero. "Pang'onopang'ono, chiganizo chimodzichimodzi."

Ndinayambiranso. Nditanena chiganizo choyamba anakweza dzanja kuti ndiime, anatembenukira kwa akazi awo, n'kuchinena m'Chitumbuka. Amayi aja anali atamva kale zonse m'Chichewa, ndipo mdala ankadziwa zimenezo. Ndinanena chachiwiri, iwo anachinena. Tinapita choncho, ine ndikuwatsutsa, iwo akunyamula mawu owatsutsawo ndi pakamwa pawo kupereka kwa mkazi amene anaika ana awiri yekha. Atafika pa lonjezo anachedwapo, ndipo ananena zambiri kuposa zimene ine ndinanena. Zimenezo sindinazimve, ndipo sizinali zanga.

Chiganizo chomaliza, cha chikuku chija, chinawakanika mdala. Anayamba, mawu anathawa, anayambanso. Amayi aja anapukuta manja pachitenje, anasendera pafupi, n'kuwamalizira okha.